Mvunguti pa Bedi la Deliya

Ndikudziwa kuti simundikhulupirira. Nkhope zanu zandiweruza kale ndisanatsegule pakamwa, poti wokamba ndine, munthu amene ndinagulitsapo galu mmodzi kwa anthu awiri, galuyo n'kubwereranso kwa ine. Chabwino. Amene akudziyesa wolimba mtima amve mpaka kumapeto, ndipo akafika kwawo akazimitse babu, akagone osafunda kumutu. Mawa adzandiuze.

Nthawi imeneyo ndinkakazinga tchipisi pageti la koleji ina ya aphunzitsi. Dzina lake sinditchula, ana anga angadzafuneko malo. Sukulu ine ndinaithawa ndisanadziwe kulemba bwino dzina langa, koma miseche yonse ya pakoleji ija inkathera pachiwaya panga. Munthu akamadikira mbatata kuti ifiire, pakamwa sipakhala chete.

Chaka chimenecho akuluakulu a koleji anadandaula kuti ophunzira akuwononga magetsi. Anaika mita pa hositelo iliyonse n'kulengeza mpikisano. Hositelo imene idzagwiritse ntchito magetsi ochepa pofika kumapeto kwa teremu idzalandira mbuzi ya phwando, ndipo woyang'anira wake adzaitanidwa kutsogolo pamaso pa alendo, adzamuombera m'manja. Mbuzi imodzi, anthu inu. Koma mukadaona mmene ana a eni anailusira.

Atsikana a hositelo ya kumunsi, kufupi ndi mabulugama, anasankha Mwandida kukhala woyang'anira. Anali wa chaka chachiwiri, wamtali, wamawu ngati kondakitala wa minibasi. Anzake anam'tcha Nduna ya Magetsi pomuseka, iye n'kulikonda dzinalo. Analanda simbi zonse. Analanda mahita owiritsira madzi, atsikana n'kumasamba ozizira mwezi wa Juni, akukuwa ngati akubadwa. Timbaula tamagetsi tobisa kunsi kwa bedi anatifukula ngati mbewa. Mababu a m'khonde anagulula onse. Ine sindinadandaule, chifukwa amene sangaphike m'chipinda amabwera kwa Ankolo a tchipisi.

M'chipinda cha Mwandida munkagona atatu: iye mwini, mnzake Zelesi, ndi kamtsikana ka chaka choyamba kochokera kumidzi ya ku Mchinji, dzina lake Deliya. Deliya anali wochepa thupi, wolankhula ngati akupepesa. Pachiwaya ankafika dzuwa likadalipo, maso ali kumadzulo.

"Ankolo, ndipatseni zomwe zilipozo. Zofiira sindidikira."

"Zaziwisi zimatsegula m'mimba, mwana wanga."

"Zilibe kanthu."

Akalandira ankathamanga, kajumbo kali m'manja.

Tsiku lina masana Mwandida anabwera ndi gulu lake, Zelesi ali pambuyo.

"Ankolo, munamvapo mayi wamkulu, woti mawa akaphunzitsa ana a anthu, akuopa mdima?"

"Mwina ali ndi nsikidzi zoweta, amafuna aziziwerenga," ndinatero ine. Anaseka.

"Mwandi, ndinakuuza ngati chinsinsi," anatero Zelesi, akumukoka mkono.

"Chinsinsi chodya mayunitsi athu si chinsinsi, mwali."

Ndiye anaifotokoza pomwepo, akutomola tchipisi changa asanalipire. Deliya anabadwa mapasa. Mnzake, Feliya, anamwalira atangolemba mayeso a fomu folo. Kwawoko wamapasa akamwalira amamuikira mvunguti m'bokosi, chipatso chachitali chija cholendewera mumtengo, kuti wakufayo aziyesa wagona ndi mnzake, asabwerere kudzatenga wotsalayo. Azakhali awo anauika mobisa kumapazi. Koma bambo awo, mkulu wa mpingo, anauona. Anauchotsa ndi dzanja lawo anthu akuona, n'kuuponya kutchire, amvekere mwana wawo sapita ndi zachikunja. Kuyambira pamenepo, malinga ndi Deliya, Feliya amabwera. Powala salowa. Amaima pamene kuwala kwathera, n'kumadikira. N'chifukwa chake Deliya sankagona babu litazima.

"Ndiye hositelo yonse iluze mbuzi chifukwa cha mtembo wa ku Mchinji?" anatero Mwandida. Atsikana anagwirana mapewa ndi phwete. Zelesi yekha anayang'ana pansi.

Zimene zinkachitika m'chipindamo anadzandiuza Zelesi yemweyo pambuyo pake, choncho musandifunse kuti ndinalowa bwanji m'hositelo ya atsikana.

Inayamba ngati nkhondo ya switchi. Mwandida kuzimitsa, Deliya kudikira kuti ayambe kuliza mkonono, n'kunyang'ama kukayatsa. Mwandida atatopa anakwera pampando, anagulula babu, n'kulitsekera m'sutukesi mwake. Deliya anayamba kugona atayatsa tochi ya foni, ataiika pachifuwa. Mwandida analamula kuti mafoni azitchajidwa ku makalasi basi, ndipo masoketi onse a m'zipinda anawamata pulasitala. Foni ya Deliya inali yakale, yomangidwa ndi mphira, batire lake silinkafika m'bandakucha. Anagula kandulo. Mwandida anakanena kwa a matironi, mayi Nachisale, chifukwa kandulo n'ngoletsedwa m'hositelo poopa moto. Mayi Nachisale analanda kanduloyo. Deliya anawagwadira kuti am'samutse chipinda.

"Zipinda zadzaza, mwana wanga. Uzipemphera usanagone."

"Ndimapemphera, amayi. Nayenso ankapemphera."

Mayi Nachisale anamuuza kuti azipita, iwo ali ndi ntchito.

Ndi pamene zinthu za Deliya zinayamba kusowa. Sizinkasowa ngati mmene wakuba amabera. Wakuba amatenga nsapato zonse ziwiri. Kuno kunasowa nsapato imodzi, ya kumanzere. Kenako ndolo imodzi, inachoka kukhutu iye ali m'tulo. Sokosi imodzi. Chilichonse chimene chimayenda pawiri, china chinkapita, china n'kutsala. Mwandida ankati akubisa yekha pofuna chisoni. Deliya sankatsutsa. Ankangonena kuti, "Kwathu tinkagawana chilichonse pakati."

Zelesi akuti foni ija ikazima, m'chipinda munkayamba kununkha dothi lonyowa, chikhalirecho kunja kuli fumbi, mvula inaleka kale. Bedi la Deliya linkalira kumiyendo, ngati wina wakhalapo pang'onopang'ono kuti asadzutse anthu. Ndipo akamvetsera kupuma kwa anthu, ankamva kwa Mwandida, kwa Deliya, kwake, ndi kwina. Anamuuza Mwandida m'mawa wina akutsuka mano.

"Iwenso wayamba? Ukadya nyemba zambiri umamva zinthu."

Zimene ndinaona ndi maso angawa ndi izi. Madzulo ena magetsi anathima dera lonse, anthu atangotha kudya. Ine ndinayatsa koloboyi wanga n'kumuika pathebulo. Ndinangomva mapazi, Deliya uyu, wefuwefu, akuchokera ku makalasi.

"Ankolo, ndikhale nawo pano pang'ono."

Ndinam'patsa chidebe chokhalira. Anachikokera pafupi ndi koloboyi mpaka ndinaopa kuti tsitsi lipsa. Anakhala chofulatira msewu. Makasitomala kunalibe, kunkazizira. Agalu a kwa alonda, amene amauwa ngakhale tsamba likagwa, anali zii.

Nditakweza maso ndinaona kuti patsidya pa msewu paima munthu. Kuwala kwa koloboyi kunkangofika pamapazi ake. Mapazi aang'ono, a mtsikana. Lina linavala nsapato yakuda ya sukulu, lina linali lopanda kanthu, lotuwa ndi dothi. Kuyambira m'maondo kupita m'mwamba sindinganame kuti ndinaona kanthu. Munthu wa bizinesi sayang'ana nkhope.

"Tchipisi chotentha, asisi! Senderani!"

Deliya anandigwira dzanja. Zala zake zinali ngati zachoka m'madzi a m'mtsuko.

"Ankolo, musamuitane. Akaitanidwa amasendera."

Sanatembenuke n'komwe kuti aone amene ndikunena. Ndinayang'ananso, mapazi aja anali pakati pa msewu. Sindinawaone akuyenda. Mafuta m'chiwaya anali atasiya kulira, chikhalirecho nkhuni zikuyaka. Mwamwayi kunatulukira lole yonyamula fodya, nyali zake zinasesa msewu wonse, ndipo panalibe munthu. Lole itadutsa sindinayang'anenso kumeneko. Ndinasonkheza moto mpaka malawi anafika m'chiuno, tinakhala choncho kufikira magetsi atayaka.

Ndinam'patsa koloboyi uja kuti apite naye. Kutacha Mwandida anabwera naye atam'gwira ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa.

"Ankolo, mukufuna kutiotchera hositelo? Mukadzabwereza ndikakunenezani, chiwayachi chidzachoka pageti pano."

Masabata otsatira Deliya anatha ngati sopo. Ankagona masana m'kalasi, aphunzitsi n'kumamutulutsa. Madzulo ankakhala pansi pa babu la ku laibulale mpaka alonda atam'thamangitsa, kenako ankathamangira kuchipinda foni ili m'manja, akuipempherera kuti ifike m'mawa. Atsikana anam'peka nyimbo. Akamadutsa ankaimba motsitsa, wina n'kumayenda pambuyo pake atavula nsapato imodzi.

Tsiku lomaliza la mpikisano linafika. Mamita ankawerengedwa m'mawa mwake, ndipo kunamveka kuti hositelo ya kumtunda yatsala pang'ono kuwapeza. Mwandida anasonkhanitsa atsikana n'kunena kuti akatha kudya agwetsa switchi yaikulu ya hositelo yonse, pasayake ngakhale kanthu kamodzi mpaka kucha. Onse anavomera. Kenako anati ali ndi mankhwala ochiritsira Deliya.

Masana amenewo anatsikira kudambo ndi anzake awiri, kumene kuli mtengo wa mvunguti. Anadutsa pachiwaya panga pobwerera, atanyamula chinthu m'thumba la ufa, akuseka mpaka kupindika.

"Mwagula chinangwa chanji chachikulu chotero?" ndinafunsa.

"Ndi mlendo wa Deliya, Ankolo. Si ankalira kuti m'bale wake sanapatsidwe mvunguti? Ife tim'patsa iyeyo."

Anakautenga mvunguti uja, wautali ngati mwana wa chaka, anaukulunga chitenje cha Deliya, anaumanga duku lake la kutchalitchi, n'kuugoneka pabedi lake, mutu papilo, bulangete mpaka m'khosi.

Deliya anafika kuchokera ku laibulale foni ikuwala m'manja. Atsikana anali atabisala m'khonde, atatseka pakamwa ndi manja. Anavundukula bulangete. Zelesi akuti kukuwa kwake sikunali kwa munthu wodzidzimuka. Kunali kwa munthu amene wamva uthenga wa maliro.

"Chotsani! Chotsani, chonde! Mwauika malo olakwika! Uwu sugona pabedi la wamoyo!"

"Uchotse wekha," anatero Mwandida ali pakhomo.

"Sindingaugwire! Mwauveka nsalu yanga! Zelesi, achemwali, uvuleni nsalu yanga!"

Zelesi anaponya phazi kuti alowe, Mwandida anam'kokera kunja. Deliya anathamangira kukhomo, Mwandida anam'kankha pachifuwa, anagwa chagada. Chitseko chinatsekedwa, kiyi anatembenuzidwa kunja.

"Ugone ndi m'bale wako. Mantha amatha ukawagonera. Mawa udzandithokoza."

Anapita kumapeto kwa khonde n'kugwetsa switchi yaikulu. Hositelo yonse bii.

Atsikana anakhala pansi m'khondemo atafunda mabulangete, ngati akuonera kanema. Chimene chinkaoneka ndi kamzere ka kuwala kunsi kwa chitseko, kochokera ku foni ya Deliya. Iye ankamenya chitseko ndi manja onse.

"A Mwandida! Babu limodzi lokha! Ndidzakuchapirani zovala mpaka mudzamalize sukulu! Ndidzachoka mawa, sindidzabweranso! A Mwandida!"

Wina anamuyeserera mawu, ena n'kuseka. Deliya anaitana mayi Nachisale, koma nyumba yawo ili kutali. Anaitana amayi ake. Kenako anayamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi, akulumpha mizere. Kamzere kaja kanayamba kufiira. Kanachepa. Kanazima.

Kumenya chitseko kunaleka nthawi yomweyo.

Fungo la dothi lonyowa linatuluka kunsi kwa chitseko, onse analimva. Bedi linalira. Ndiyeno munayamba kumveka kulankhula, motsitsa, ngati ana amene auzidwa kuti agone koma akunong'onezana. Mawu anali amodzi, a Deliya, koma ankafunsa n'kuyankhidwa funso lisanathe. Zelesi, amene anali pafupi ndi chitseko, anagwirapo pang'ono. Wina anati, "Ndatopa kuima." Wina anati, "Kumazizira kumeneko?" Yankho lake sanalimve. Kenako wina anaseka, kaphwete kakang'ono, ndipo wina analira pang'ono n'kusiya.

M'khonde munalibenso woseka. Wina ananong'ona kuti akayatse switchi, koma switchi inali kumapeto kwa khonde, ndipo panalibe amene anafuna kuyenda mumdima umenewo. Zelesi anapempha kiyi. Mwandida anam'menya dzanja.

"Mwaona? Watonthola. Wagona. Si ndinanena?"

Mawu ake sanali a kondakitala tsopano, koma kiyi sanapereke. Anakhala onse pamenepo atapanikizana, osagona, mpaka mazenera anayamba kuyera.

Kutacha anatsegula. Zenera la chipinda chija lili ndi zitsulo zoti ngakhale mphaka amaganiza kawiri. Denga n'losabooka. Pabedi panagona munthu atafunda bwinobwino, bulangete litapindidwa m'mbali mmene amachitira mayi pofunditsa mwana.

"Dzuka, dona, tawina," anatero Mwandida, n'kukoka bulangete.

Unali mvunguti uja, ndi duku lake. Zelesi anaukhudza, akuti unali wofunda. Deliya munalibe. Kunsi kwa bedi munalibe, m'kabati munalibe. Foni inali pansi pafupi ndi chitseko. Nsapato yotsala ija, ya kumanja, inali itapita nayonso.

Anakaitana mayi Nachisale. Analowa akukalipa za phokoso, koma ataona pabedi anakhala pansi, pasimenti, miyendo tambalale.

"Ndani anauveka nsalu yake?"

Anawayang'ana atsikanawo mmodzimmodzi n'kupitiriza.

"Ana inu. Chinthu ichi chimalowa m'malo mwa munthu. Mukachipereka kumanda, munthu amatsala kuno. Inu mwachiveka zovala zake, mwachigoneka pogona pake, mwachisiya kuno. Ndiye kumandako kupite chiyani?"

Anafufuza m'mabulugama, kudambo, m'zimbudzi. Apolisi anabwera, analemba, anadya tchipisi changa, anapita. Akuluakulu a koleji ananena kuti mtsikanayo ayenera kuti anathawira kwa mwamuna, poti ana a masiku ano ndi otero, ndipo za kiyi palibe anazitchula. Mamita anawerengedwa. Hositelo ya kumunsi inapambana. Mbuzi inaphedwa, inadyedwa, ena mpaka anapempha msuzi wowonjezera. Mwandida anaitanidwa kutsogolo atavala diresi lositidwa bwino ndi simbi imene analanda kwa mnzake, alendo anamuombera m'manja.

Bambo a Deliya anabwera patapita masiku. Munthu wamtali, wa jekete lakuda lothetheka m'mapewa, Baibulo lili m'thumba. Anandifunsa njira ya ku hositelo mwaulemu kwambiri. Potuluka anadutsanso pachiwaya panga. Anali atanyamula mvunguti uja m'manja awiri, wokulungidwa m'bulangete la mwana wawo, mutu wake atautsamiritsa paphewa. Anakwera nawo minibasi, ndipo kondakitala atafuna kuuika kumbuyo ndi katundu, anakana. Anaufukata pamiyendo. Kwawoko munthu akasowa osapezeka thupi, amaika mvunguti m'bokosi n'kuulira maliro. Anakhoma bokosi, anakumba manda pambali pa Feliya.

Tsono tsiku la maliro, anthu atafika kumanda ndi bokosi, anapeza munthu atakhala pamulu wa dothi lokumbidwa kumene, atavala nsapato zonse ziwiri. Deliya! Wotuwa, wowonda, osakumbuka kanthu, koma wamoyo. Amayi ake anakomoka, maliro anasanduka chikondwerero. Mvunguti uja anaukwirira pamanda a Feliya, ndipo kuyambira pamenepo Deliya amagona mumdima ngati wina aliyense. Lero ndi mphunzitsi, ali ndi ana ake. Mwandida ndiye zinamutembenukira. Mutu unasokonekera, amayenda pamsika masana dzuwa lili pamutu atayatsa tochi, akupempha anthu babu limodzi lokha.

Eya, mwapuma tsopano. Ndakuonani mayi inu mukumasula nsalu imene munaifinya m'manja, ndipo bambo awo ayambanso kutafuna.

Ndiye poti mwamva mpaka kumapeto, ndikuuzeni pamene ndaikapo zanga. Kuchokera pa mamita mpaka pa minibasi sindinawonjezere kanthu. Zopezeka kumandazo ndi za tochi ya pamsika ndapeka pompano, nditaona mmene munandiyang'anira. Mwandida ndi mphunzitsi wamkulu pasukulu ina yabwino, wanenepa, akandiona amaimitsa galimoto n'kundifunsa za ana. Pamulu wa dothi paja panalibe munthu. Bokosi lija linatsika, anaimba nyimbo, anakwirira.